Nyama imene unadya kutulo

Kwa Kaomba, Lachisanu masana

Madalo mwana wanga,

Ndakhala m'chigafa, pa benchi lija tinkasankhirapo fodya. Mwatsala mikangala yopachikapo fodya yokhayokha muno, koma fungo silinachoke. Iwe wapita kokalukitsa tsitsi, ndipo ukabwera upeza kalatayi pamwamba pa sutikesi yako. Uiwerenge lero lomwe usanadye, usadikire za pa basi mawa. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma chimwalirireni amayi ako, ndikati ndiyankhule nawe ndimangopezeka ndikukufunsa ngati walongedza sopo.

Anzanga akamatsanzikana ndi ana opita ku koleji amawachenjeza za anyamata ndi za mowa. Zimenezo amayi ako anakuuza kale, bwino kuposa mmene ine ndingathere. Ine ndili ndi nkhani imodzi yokha, ya maloto, ndipo ndikuilemba ndili wokwiya. Zaka makumi atatu ndinaphunzitsa ana a anthu osakwezapo mawu, koma lero cholembera chikuboola pepala. Sindinakwiyire iwe. Umve bwino pamenepo.

Masabata asanu ndi anayi atha usanaike nyama m'kamwa. Umati m'mimba simuli bwino. Nkhuku ija anatibweretsera amayi a kumpingo unaiphika bwinobwino, kenako unakakhala pakhonde n'kumadyera mpiru. M'mawa maso ako amakhala ofiira ngati munthu amene amalimbana ndi tulo kuti tisamugwire. Chifukwa chake ndikuchidziwa, ndipo ndinachidziwa kuyambira tsiku loyamba.

Mu Febuluwale, sabata imene dzina lako linatuluka ku sukulu ya unamwino, unalota amayi ako akukupakulira nyama m'mbale ija ya maluwa. Unadya mpaka kumaliza, unapempha ina, iwo n'kumakuseka. Patapita mwezi anamwalira. Tsiku lachiwiri la maliro unawauza azakhali ako a Esinati malotowo, mmene mwana amanenera chinthu chokoma chimene watsala nacho. Iwo anawanyamula ali otentha kupita nawo kwa mnyamata uja wamanga kachisi wa mapepala apulasitiki kuseri kwa chigayo, amene akudzitchula mneneri. Iye anatsegula foni, anakhwekhwereza ndi chala chachikulu, n'kuwerenga kuti wodya nyama kumaloto walowa pangano la ufiti, wadya wake. Tisanasese n'komwe maliro, azimayi pa mjigo anali atayamba kukokera ana awo kumbuyo iwe ukafika ndi ndowa.

Mnyamata ameneyo ndinamuphunzitsa Sitandade 5. Sanakufunse dzina. Sanakufunse kuti unagona utadya chiyani, kapena kuti m'nyumba mwanu munkakambidwa zotani sabata imeneyo. Amayi ako sanawaonepo akudwala, sanawapatsepo ndi madzi akumwa omwe. Anawerenga mzere umodzi wolembedwa ndi munthu wakutali amene sadziwa kuti Kasungu ali kuti, ndipo ndi mzere umenewo anakusenzetsa mtembo wa amayi ako. Usaulandire katundu ameneyo, Madalo. Si wako.

Sindikuyankhula ngati munthu woyera, chifukwa uchitsiru womwewo ndinauchitapo. Iwe usanabadwe ndinagula kabuku ka matanthauzo a maloto kwa munthu woyala mabuku pansi ku boma. Munali mndandanda: njoka ndi mdani, nsomba ndi mimba, madzi akuda ndi matenda, dzino likaguluka mwafa wachibale, ukwati ndi maliro, maliro ndi ukwati. Ndinkakakonda chifukwa kanali ka dongosolo, ngati buku loyitanira mayina m'kalasi. Chaka chimenecho tinkagwiritsa chigafa chimodzi ndi a Gondwe, mlimi wochokera kwa Simlemba amene anakwatira m'mudzi muno, munthu amene anandiphunzitsa kusamala nazale ndili mphunzitsi wosadziwa kugwira khasu. Ndinalota njoka masiku atatu otsatizana, ikutsika pa mikangala n'kumalowa m'fodya wanga. Ndinatsegula kabuku, ndinapeza mdani. Mdani wa m'chigafa angakhale ndani? Ndinayamba kuwerenga mikangala yanga m'mawa uliwonse iwo akuona. Tsiku lina anandifunsa m'Chitumbuka chawo, "Aphunzitsi, kasi mwataya vichi?" Ine ndinati, "Sindinataye, koma ndaonetsedwa." Anangoti "Yewo," anapachula fodya wawo yense tsiku lomwelo, wina asanaume n'komwe, ndipo wambiri anawaolera. Patatha sabata amayi ako akuchotsa udzu wakale padenga la chigafa anapeza chikopa cha njoka chofundula, chachitali ngati lamba wa chigayo. Njokayo inalipodi, inkasaka makoswe pamwamba pa mutu wanga, ndipo mwina maso anga anaiona ine osazindikira. Malotowo ankandiuza zoona: m'chigafa muli njoka. Kabuku ndiko kanandiuza bodza, kuti njokayo ndi munthu. A Gondwe sanandipatse moni zaka zisanu ndi chimodzi. Pa maliro a amayi ako ndi iwo anatsogolera adzukulu kukakumba manda, ndipo ine ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Kumbukira zimenezi, mwana wanga: aliyense amene akumasulira maloto ako n'kuthera pa dzina la munthu, dzuka uchokepo. Asakuuze kuti njoka ndi mnzako wogona naye chipinda, kapena kuti galu wakuthamangitsa ndi mphunzitsi wako. Maloto akasanduka chala cholozera munthu, pamenepo alowa manja a wina.

Amayi ako ndi amene anakatentha kabukuko, anakolezera moto. Iwo anali ndi njira yawo, ndipo iwe unakulira m'njira imeneyo ngakhale mwina sunaione kuti ndi nzeru. Ukukumbuka nthawi yothyola fodya, ukabwera ukuthamanga kuti, "Amayi, ndalota ndikuuluka!" ankakuyankha chiyani? "Kasambe m'manja kaye, ubwere undiuze." Iwe unkaganiza kuti ndi zaukhondo chabe. Iwo anali ataona kuti miyezi imene timalowa m'munda mame ali pamasamba, phula lakuda lija litamatirira m'manja ndi m'mikono, mudzi wonse umalota zoopsa. Wina wagwa m'chitsime, wina ng'ombe zikumuyankhula, wina wauluka mpaka ku Njombwa. Ankati amenewo ndi maloto a m'chigafa. Ine ndinadzawerenga pambuyo pake kuti chikonga cha m'masamba onyowa chimalowa pakhungu, ndicho chimatichititsa chizungulire ndi nseru, ndipo chimasokoneza tulo. Nditawauza monyadira anati, "Ndiye mwalipira buku kuti likuuzeni zimene ndakhala ndikukuuzani ulere?"

Ukasamba, ankakukhazika pambali pawo akusoka fodya, n'kuyamba kukufunsa. Unauluka kupita kuti? Unkaopa kapena unkasangalala? Unali ndi ndani? Dzulo anakukhumudwitsa ndani kusukulu? Sankakuuza tanthauzo. Ankafunsa mpaka iwe mwini unene kuti, "Kapena n'chifukwa choti ndikuopa mayeso." Iwo n'kuti, "Ehee, wamasulira wekha. Tandipatsira singanoyo." Anthu ena amati wouluka kumaloto ndi mfiti yokwera lichero. Amayi ako ankati wouluka ndi mwana amene nsapato zayamba kumuthina. Pakati pa awiriwa, ndani ankakudziwa?

Koma usaganize kuti ndikukuuza kuti maloto ndi utsi chabe, chifukwa kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kumeneko, ndipo ndiko kukundidya. Nditapsa ndi kabuku kaja ndinathawira mbali ina. Ndinawerenga mabuku a ophunzira onena za ubongo ndi tulo, ndinakhala munthu woseka maloto. Chaka chatha, fodya atatha kale, manja athu ali oyera, amayi ako anandiuza tikumwa tiyi, "Bambo a Madalo, malotowa akubwerezabwereza. Ndasenza belo kumutu, ndikukwera nalo chitunda, mpweya ukundithera. Ndikuti ndikuitaneni mudzanditule, mawu osatuluka." Ukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Amenewo ndi maloto a m'chigafa, Nambewe. Kasambeni m'manja." Ndinawabwezera mawu awo omwe ngati nthabwala, mwezi wa Ogasiti, m'munda mulibe ndi tsamba limodzi lomwe. Anaseka pang'ono chifukwa anali munthu waulemu, ndipo sanandiuzenso. Ndikanafunsa funso limodzi lokha, lija iwo akanafunsa: kodi masana mpweya umakutheraninso? Akanandiuza kuti pochokera ku mjigo ankapuma kawiri. Akanandionetsa mapazi otupa amene ankawabisa m'chitenje. Pamene tinkafika nawo kuchipatala mu Malichi, adokotala anati mtima unali utatopa kalekale ndi kuthamanga kwa magazi. Thupi lawo linkayankhula kudzera m'maloto, iwo anandiuza ine mwamuna wawo, ndipo ine wowerenga mabuku ndinaseka.

Sindikudziwa ngati akanachira tikanapita msanga. Adokotala sananene, ndipo sindinalimbe mtima kufunsa. Koma ukafuna kudziwa chimene chinapha amayi ako, ndi chimenecho: mtima. Zinalembedwa m'buku lawo lakuchipatala, ndipo ndaliika pansi pa kalatayi kuti uliwerenge ndi maso a namwino. Matendawo anayamba iwe usanalote nyama iliyonse.

Ukupita kumene anthu adzakuuza maloto tsiku ndi tsiku. Odwala amalota kwambiri. Mayi wina adzakugwira dzanja m'mawa n'kunena kuti walota akuwoloka mtsinje wodzaza, wina dzino lamuguluka, wina malemu amuna ake abwera atavala zoyera akumuitana. Usamuseke ngati mmene ndinachitira ine wa Ogasiti uja. Usamutsegulirenso mndandanda ngati ine wa kabuku. Khala pansi ngakhale mphindi ziwiri, umufunse. Madzi kwa mlimi amene nazale yake ikuuma ndi chisomo. Kwa mayi amene mwana wake anakokoloka ndi mtsinje, madzi omwewo ndi manda. Dzino kwa wina ndi mantha a ukalamba, kwa wina ndi dzino basi, likumupweteka, mutumize akalichotse. Ndipo wakufa akabwera kutulo, kawirikawiri ndi chikondi chimene chasowa kolowera. Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amatha kuyankhula ndi munthu ali m'tulo, sindinasiye kukhulupirira zimenezo. Koma akayankhula amayankhula ndi munthuyo, m'zinthu zimene munthuyo akuzidziwa, za m'munda mwake ndi za m'nyumba mwake. Sindikhulupirira kuti anapereka kiyi wa maloto a anthu onse kwa mnyamata mmodzi wokhala ndi foni ndi mayunitsi.

Ku koleji udzawapeza ambiri otere, ena ovala bwino ndi oyankhula mokoma kuposa wa kuchigayoyu. Adzakuuza kuti ukalota uli ku pulayimale ndiye kuti wina akukubweza m'mbuyo, ukalota ukudya ndiye akudyetsa zoipa, bwera tikusanzitse. Uone chinthu chimodzi: pa mndandanda wawo palibe maloto amene amathera poti pita kwanu mumtendere. Onse amathera poti ubwerenso mawa. Maloto ako uziuza munthu amene angathe kukufunsa mafunso, ndipo ukamusowa, undiimbire ine. Ndaphunzira mochedwa, koma ndaphunzira.

Tsopano kulakwa kwachitatu, kumene ndakhala ndikukuzungulira chiyambireni kalatayi. Tsiku limene dzina lako linatuluka, amayi ako anaimirira pakhola n'kuloza mbuzi ija ya mawanga, yothena. Anati, "Iyi ndi ya Madalo. Tidzaipha tsiku loti mawa akunyamuka." Iwe unalipo, unavina pabwalo ndi phula m'manja. Sabata yonseyo tinkangokamba za mbuziyo pothyola fodya: ndani adzadya chiwindi, ndani mthumbwana, tiitane ndani. Amayi ako ankakunena kuti udzamaliza mwendo wonse wekha. Nanga mwana wotopa, wa chikonga m'mikono, amene wamva za nyama kuyambira Lolemba, akagona alote chiyani? Alote kabichi?

Inenso ndinalota, Madalo. Sabata yomweyo. Ndinalota ndakhala pa benchi lino ndikudya chiwindi chootcha, amayi ako akundithirira mchere. Ndinawauza m'mawa mwake, anaseka mpaka kutsokomola, anati, "Mbuziyo muimaliza kutulo isanaphedwe." Ndiye tsiku lija a Esinati anabwera kuchokera kuchigayo n'kuima pakati pa azimayi kunena kuti, "Mwanayu walota akudya nyama, mneneri wati tisamale," ine ndinali pomwepo, kuseri kwa mpanda wa udzu, ndinamva liwu lililonse. Ndikanangotuluka n'kunena kuti inenso ndinalota zomwezo, bwerani mundiloze ine. Sindinatuluke. Ndinaopa. Ndinadziwa kuti mkazi akamwalira amayamba kuyang'ana mwamuna, ndipo abale a amayi ako anali atakhala pamphasa pomwepo. Ndinadziuza kuti pa maliro si poyambanirana, kuti zizizira zokha, kuti munthu wophunzira sayankha zopusa. Onsewo anali mabodza ovala jekete. Zoona zake n'zakuti ndinabisala kumbuyo kwa mwana wanga wamkazi, ndipo ndakhala kumeneko masabata asanu ndi anayi ndikukuona ukuwonda. Mkwiyo umene ndili nawo pa mnyamata wa foni uja ndi waukulu, koma sufika pa umene ndili nawo pa bambo ako.

Lero m'mawa, iwe utangochoka, ndinapita kwa azakhali ako. Ndinawapeza akutong'ola chimanga ndi anzawo atatu aja a pa mjigo, ndipo ndinakondwa kuti analipo.

"Achemwali," ndinatero, "ndabwera ndi maloto, mukanditulire kwa mneneri wanu."

"Iii, Aphunzitsi, inu mumakhulupirira maloto kuyambira liti?"

"Ndinalota ndikudya chiwindi, Nambewe akundithirira mchere. Sabata yomwe analota Madalo."

Chitsononkho chinawagwa m'manja. "Achimwene, musamayankhule choncho pa anthu."

"Pa anthu ndi pomwe munayankhulira inu. Ngati nyama ya kutulo ndi ufiti, mfiti yoyamba ndine, mlongo wanu wa bere limodzi. Mawa muzikokera ana kumbuyo ndikamadutsa ine."

Mayi Nabanda, aja ogontha khutu limodzi, anafunsa kuti akuti chiyani, ndipo atawabwerezera anati, "Aaa, nyama? Ine ndimalota nyama mwezi uliwonse ukakhala pakati. Ndadya ndani ine, mano ndilibe?" Wina anaseka, kenako anadzigwira pakamwa. Azakhali ako sanaseke. Analira. Anati iwo ankaopa, imfa inabwera mwadzidzidzi, ankafuna wina awauze chifukwa chake. Ndinawauza kuti chifukwa chake chili m'buku lakuchipatala, ndipo kuti kuopa kwawo anakulipiritsa mwana wamasiye. Sindinawanyengerere. Ndi mlongo wanga, ndidzawakhululukira, koma osati lero m'mawa.

Kwa mnyamata uja ndinapitanso. Anandilandira ndi "Mwalandiridwa, bambo, Mzimu unandiuza kuti mubwera." Ndinati, "Mzimuwo unakuuzanso dzina la mwana amene unamutchula mfiti?" Sanalidziwe. Ndinamuuza kuti ndi Madalo, ndinamuuza kawiri, pang'onopang'ono, ngati mmene ndinkamuuzira matebulo a masamu. Sindikudziwa ngati zinalowa. Kale lomwe sizinkalowa.

Sindikukulonjeza kuti mudzi wasintha. Ena azinong'onabe, ndipo mwina tsopano azinong'ona za ine. Zimenezo zisakuvute, ndi malo anga, ndinachedwa kukhalapo. Chimene sindilola n'chakuti ukwere basi mawa utanyamula mlandu umenewu kupita nawo pakati pa odwala, uziopa manja ako omwe, uziopa kugona. Maloto aja anali mphatso. Unaona amayi ako akuseka, akukupakulira, iwe n'kupempha zina. Ine ndikanapereka munda wonsewu kuti ndiwalote choncho kamodzi kokha, koma chimwalirireni sanandibwerere. Akakubwerera iwe kumeneko ndi mbale m'manja, usathawe. Landira, udye, uwafunse ngati ali bwino, ndipo m'mawa undiimbire undiuze anavala chiyani.

Mbuzi ya mawanga ija yaphedwa. A Gondwe ndi amene andithandiza kusenda, ndinapita ndekha kukawapempha, ndipo abwera kudzadya nafe. Azakhali ako atumiza anyezi ndi tomato. Ndawauza kuti akafuna kubwera abwere ndi mawu oti akuuze, osati ndi tomato yekha. Mwendo wako ndauika padera monga ananenera amayi ako. Sindikukakamiza. Ukaona kuti lero sizitheka, ndakazinga ina youma bwino, ndiika m'kontena, ukatsegule pamene mtima wako wafuna, ngakhale mutadutsa kale pa Jenda. Koma chiwindi ndiotcha ine, pabwalo, anthu akuona, ndipo ndiyamba kudya ndine.

Mbale ya maluwa ija ndaitsuka. Madzi ali m'beseni pakhonde. Kasambe m'manja, mwana wanga, ubwere undiuze malotowo kuyambira pachiyambi. Ulendo uno ndikufunsa mafunso.

Ndine bambo ako.